Utawaleza wa Pamsewu

Mutu 6

1. Zikhatho ziwiri

Dzina loti Kamphepo anamupatsa ndi bambo ake ali wamng'ono. Akamutuma kugolosale ankapita chothamanga, n'kubwera chothamanganso, nthawi zina ataiwala chimene anamutuma. Anakula mpaka kumaliza sekondale, koma phuma silinamuchoke. Ngakhale mayeso a laisensi ya njinga yamoto anakhoza ulendo wachiwiri, chifukwa ulendo woyamba ananyamuka womuyesa asanamalize kulankhula.

Bambo akewo anagwira ntchito ya umesenjala zaka zambiri, akuyenda pa njinga yamoto padzuwa ndi pamvula pomwe. Anasiya ntchito maso atayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anawauza kuti ndi ng'ala, ndipo inali itagwira maso onse awiri. Tsopano ankangozindikira kuti kwacha kapena kwada. Njinga yawo yofiira inakhala pakhonde itafundidwa chinsalu mpaka pamene Kamphepo anaphunzira kuiyendetsa.

Tsiku limeneli kuchipatala chachikulu cha m'tauni kunkabwera dokotala wa maso. Dokotalayu ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ankaona okhawo amene alembetsa m'mawa. Wochedwa ankadikira miyezi ina. Minibasi za kuderalo sizinkanyamuka zisanadzaze, choncho bambo anagamula kuti apita pa njinga, mwana wawo akuyendetsa.

Mayi a Kamphepo anali telala. Anasiya makina osokera n'kutuluka panja tepi ili m'khosi. Anayang'ana mitambo imene inali itasonkhana kum'mawa, ndipo nkhope yawo inagwa. Anadandaula kuti mwana amene ngakhale tiyi amamwa ali chiimire sanganyamule munthu wosaona pa njinga, mvula ili pafupi chonchi.

Bambo anangoseka. Anati mwanayo ali ndi maso, iwo ali ndi makutu ndi mphuno, ndiye akaphatikizana atuluka dalaivala mmodzi wathunthu.

Kenako anagwada pambali pa njingayo. Anasisita tayala lakutsogolo ndi chikhatho, n'kulidinikiza ndi chala chachikulu. Anachita chimodzimodzi ndi lakumbuyo. Anagwedeza tcheni, anafinya buleki, ndipo atakhutira anakhala pampando wapakhonde n'kuitana mwana wawo wamkaziyo.

“Khala pansi kaye, mayi,” anatero. “Ndikudziwa kuti miyendo ikukuyabwa, koma tamvera. Kusukulu yoyendetsa anakuphunzitsa zikwangwani ndi malamulo, ndipo anachita bwino. Ine ndikuuza za pansi pomwe tayala limaponda. Galimoto ili ndi miyendo inayi, umodzi ukaterereka itatu imagwira. Iwe uli ndi iwiri yokha, ndipo pamene tayala lililonse limakhudza msewu m'pongofanana ndi chikhatho chakochi. Lero moyo wako ndi wanga uli pa zikhatho ziwiri zimenezo.

“Mvula sinagwe miyezi yonseyi. Fumbi ndi oyilo wodontha m'magalimoto zakhala zikuunjikana paphula. Mvula yoyamba ikangowaza, zonsezo zimayandama, msewu n'kukhala ngati pansi pa bafa pogwera sopo. Mvula yamphamvu imatsuka. Yoopsa ndi yowaza ija, imene anthu amati si mvula.

“Ndiye pali penti. Mizere yoyera ija, mivi yolozera kokhotera, ndi mizere ya powolokera anthu, zonsezo zikanyowa zimaterera kuposa phula. Usagwire buleki tayala lili papenti. Usapendeketse njinga uli papenti. Chepetsa liwiro usanafikepo, udutse njinga ili chilili, ndipo ngati mpata ulipo, ponda pakuda pakati pa mizereyo. Zivundikiro zachitsulo za ngalande n'chimodzimodzi. Madzi akadikha pamsewu usawakhulupirire, sudziwa kuti dzenje lili pansipo n'lakuya bwanji. Pokhota uziyang'ana mchenga ndi timiyala. Ndipo chimene ukuchiopa usachiyang'anitsitse, chifukwa njinga imapita kumene maso apita. Yang'ana pamene ukufuna kudutsa.”

Kamphepo anavomera kuti wamva, ngakhale phazi lake linali likugogoda pansi. Mayi anamuveka jekete lamvula lachikasu, n'kumanga okha lamba wa helemeti pachibwano cha amuna awo. Anaima pachipata mpaka njinga inakhota.

2. Penti yonyowa

Atangofika pamsewu wa phula, timadontho tinayamba kugwa. Tinali tochepa, tosanyowetsa n'komwe malaya. Koma bambo anamugwira paphewa n'kumuuza kuti kulira kwa matayala kwasintha, achepetseko moto. Kamphepo anachepetsa, koma pang'ono pokha.

Kutsogolo kunali sukulu ya pulayimale, ndipo ana anali akuwoloka pamizere yoyera. Kamphepo anaona kuti gulu lonse lawoloka, choncho sanaime. Ali pamizere pomwepo, kamtsikana kena kanabwerera kudzatola botolo lamadzi limene kanagwetsa.

Kamphepo anaponda buleki mwamphamvu. Tayala lakumbuyo linatsetsereka chammbali ngati wina walikoka ndi chingwe. Anamasula phazi, tayalalo linafika pakuda n'kugwira, ndipo njinga inaima mpata wochepa kwambiri kuchokera pamene panali mwanayo. Kamtsikanako kanatola botolo lake n'kuthamangira anzake, osadziwa n'komwe chimene chachitika.

Kamphepo anapatukira kumbali n'kudikira kuti bambo amukalipire. Iwo anangomufunsa chimene anaona asanafike pamizerepo. Anayankha kuti anaona ana.

“Ukaona ana, buleki imayambira kutali,” anatero bambo. “Wamva mmene penti imachitira. Tsopano wadziwa ndi thupi lako, osati ndi makutu okha. Tiye.”

Kuchokera pamenepo Kamphepo anayamba kuwerenga msewu. Anaona chivundikiro chachitsulo chikunyezimira, anachilambalala. Anaona pamene anamata phula latsopano losalala, anadutsapo njinga ili chilili. Pena madzi anali atadikha pakati pa njira, ndipo iye anawazungulira. Minibasi imene inali kumbuyo inangolowamo, n'kugunda dzenje mpaka okwera anafuula.

Atayenda kamtunda anapeza anthu akukonza msewu. Mayi wina wonyamula mbendera yofiira anawaimitsa kuti magalimoto a mbali ina adutse kaye. Anadikira nthawi yaitali, Kamphepo akungoyang'ana kumene dzuwa linabisala m'mitambo. Atawalola kudutsa, anapeza kuti pamsewu pathiridwa timiyala tatsopano tosagwira. Anayenda pang'onopang'ono, akutsata mkwasa umene matayala a magalimoto anasiya.

Anyamata awiri a njinga zonyamula anthu anawapitirira ali paliwiro, timiyala tikuthethekera m'mbali. Mmodzi anatembenuka n'kufunsa mofuula ngati mtsikanayo akuyendetsa njinga kapena akukankha wilibala. Mnzakeyo anaseka n'kuliza hutala.

Magazi a Kamphepo anawira. Dzanja lake linapotoza moto lokha, injini n'kukweza mawu. Bambo anamufinya pang'ono m'chiuno.

“Asiye apite,” anatero. “Iwo sananyamule bambo awo.”

Kamphepo anabweza dzanja.

3. Fungo

Atakwera chitunda chomaliza, tauni inaonekera kumunsi. Msewu unkatsetsereka mpaka paraundabauti yaikulu, ndipo kuseri kwake, pakaphiri kena, kunkaoneka thanki lamadzi la chipatala. Kamphepo anauza bambo kuti atsala pang'ono kufika, ndipo akalimbikira apeza akulembabe.

Ali pakati pa chitsetsocho, bambo anakoka mpweya kawiri ndi mphuno.

“Chepetsa tsopano, njinga idakali yowongoka. Ndikumva dizilo.”

Kamphepo sanaone kanthu, koma anamvera. Anagwira mabuleki onse awiri mofatsa. Atayandikira m'pamene anauona: mzere waukulu wonyezimira, wamitundu ya utawaleza, utayala paphula lonyowa. Unayambira kumapeto kwa chitsetso n'kuzungulira raundabauti yonse, ndendende pamene njinga zimapendekera pokhota. Zinkaoneka kuti lole ina inadutsa thanki lake likutaya mafuta.

Anapatukira kumphepete kwenikweni n'kuyenda liwiro la munthu wapansi. Pena mzerewo unatseka njira yonse, ndipo panalibe kolambalala. Anawongola njinga, anasiya buleki, sanawonjezere moto, maso ake ali pamalo oyera kutsidya. Njinga inanyezuka pang'ono, kenako inadutsa.

Asanapume n'komwe, kumbuyo kunamveka chitsulo chikukhwekhwereza paphula. Kamphepo anaima pasiteji ya basi n'kucheuka. Mnyamata wina woperekera buledi m'magolosale anali pansi, njinga yake ikuzungulirabe chogona. Makireti anali atagudubuzika, buledi ali mbwee pamsewu.

Mnyamatayo anadzuka yekha. Mkono unali utasupuka, thalauza litang'ambika pabondo, koma ankatha kuyenda. Anthu ochepa amene anali pasitejipo anathamangira kukamuthandiza kukoka njinga ndi kutola buledi. Palibe amene anayang'ana kumtunda.

Kamphepo anayang'anako. Inali nthawi imene njinga zimatsika motsatizana, zitanyamula anthu opita kuntchito ndi ana asukulu. Kuchokera pamwamba dizilo uja sankaoneka. Munthu ankamuona ali kale pafupi, ndipo woyenda mothamanga sakanachitanso kanthu.

Anafotokozera bambo zonse zimene ankaona. Kenako anawonjezera ndi mawu otsika kuti akaima pamenepo achedwa, ndipo dokotala sawaona.

Bambo anaika manja pamawondo.

“Ndikudziwa,” anatero. “Maso ndikuwafuna, mwana wanga, sindingakunamize. Ndatopa kufunsa amayi ako mtundu wa malaya amene ndavala. Ndatopa kugwira makoma m'nyumba yanga yomwe. Koma amene akuona pano ndiwe, ndipo makiyi ali ndi iwe. Chimene usankhe, ine ndili pambuyo pako.”

Kamphepo anayang'ana thanki la chipatala. Linali pafupi kwambiri moti ankatha kuona makwerero ake. Anayang'ananso kuchitunda. Njinga ina inali itangotulukira pamwamba, itanyamula mayi wobereka khanda kumsana.

Anazimitsa injini.

4. Mchenga

Anatsitsa bambo n'kuwakhazika pabenchi la pasiteji. Kenako anathamanga ngati mmene ankathamangira ali mwana, akudutsa m'mphepete mouma, kwinaku akuvula jekete lachikasu lija. Anapitirira pamene dizilo anayambira n'kuima pamalo oonekera, akukupiza jeketelo m'mwamba ndi manja awiri.

Woyendetsa njinga ija anayesa kuti mtsikanayo akufuna kukwera, ndipo anapukusa mutu kusonyeza kuti wanyamula kale. Kamphepo analoza pansi n'kufuula kuti pakona pali dizilo. Munthuyo anamva. Anaima bwinobwino, ndipo ataona mzere wonyezimirawo anavula magalasi n'kupukusa mutu. Mayi wakhanda uja anatsika, anakonza mwana kumsana, n'kunena kuti pamenepo adutsa wapansi.

Njinga yachiwiri inaima, yachitatunso. Ina inanyamula ana awiri a yunifolomu atakumbatirana. Mnyamata wa buledi, akutsimphina, anatenga makireti ake opanda kanthu n'kuwandandalika pamsewu kuti magalimoto ndi njinga zizidutsa mbali imene kunalibe mafuta. Woyendetsa woyamba uja analandira jekete kwa Kamphepo n'kupitiriza kuimitsa anzake. Wina anaimbira foni apolisi apamsewu.

Kutsidya kwa raundabauti anthu ankamanga nyumba yosanja, ndipo panali mulu wa mchenga. Kamphepo anawoloka n'kupempha kapitawo wa pamalopo. Poyamba kapitawoyo anakana, ati mchengawo uli ndi mwini wake. Koma atasuzumira n'kuona mkono wa mnyamata wa buledi ndi ana asukulu ataima m'mbali, anaitana anyamata ake awiri kuti atenge mafosholo.

Wilibala yoyamba anakankha ndi Kamphepo. Gudumu lake linkalira mokwiyitsa, ndipo bambo analimva ali pabenchi paja. Anafunsa amene akukankha, ndipo atauzidwa anaseka mpaka kutsokomola. Anati anyamata aja a pa timiyala anali alosi, anangolakwitsa nthawi.

Pamene mchenga unkawazidwa, oyendetsa njinga angapo anabisala mvula pasiteji ija. Ankakangana za mmene angadziwire dizilo pamsewu. Bambo anawamvetsera kaye, kenako anakonza pakhosi.

“Ana anga, inu simundidziwa, koma njinga ndayenda nayo musanabadwe. Dizilo samatayika paliponse. Muzimuyembekezera pamene malole ndi mabasi amakhota: paraundabauti, pamphambano, ndi pafupi ndi pothirira mafuta, chifukwa thanki lodzaza kwambiri limatayikira pokhota. Kukakhala kouma amaoneka ngati mzere wakuda wonyowa. Kukagwa mvula amavala mitundu yokongola ngati mukuionayi. Ndipo nthawi zambiri mphuno imamudziwa maso asanamuone. Mukamva fungo lake, musadikire kuti mumuone. Chepetsani pomwepo, njinga idakali yowongoka.

“Mukapezeka kuti mwamuponda kale, musachite chilichonse modzidzimutsa. Buleki ayi, moto ayi, kupotoza chiwongolero ayi. Ilekeni njinga idutse yokha ili chilili. Ndipo mukatulukapo musasangalale msanga. Matayala amakhala atanyamula mafutawo, ndiye yendani mofatsa kamtunda ndithu mpaka apukutike. Ambiri amagwa pakona yachiwiri, ataiwala kale yoyamba.

“Chinanso, mukamaima pamaloboti, musaime pakatikati pa njira. Pamenepo m'pamene injini za magalimoto zimadonthezera oyilo tsiku lonse. Imani pamene matayala awo amaponda, ndipo muziyang'ana pamene mukutsitsa phazi. Munthu wakwera kumbuyo kwanu sakudziwa zonsezi. Iye wangokupatsani moyo wake ndi ana ake. Muziona msewu m'malo mwake.”

Mmodzi wa anyamatawo anafunsa mwanthabwala kuti madala osaona adziwa bwanji kuti mitunduyo ndi yokongola. Bambo anayankha kuti anaiona kokwanira maso adakalipo, ndipo akufuna kuti anyamatawo akalambe ndi miyendo yonse kuti nawonso adzasimbire ena. Onse anaseka, koma amene anafunsayo anapita kukatenga fosholo.

Apolisi anafika mchenga utakwirira mbali yaikulu ya mzerewo. Anaika zotchingira zawo n'kunena kuti otsuka msewu ali m'njira. Wapolisi wina wamkazi anabwezera Kamphepo jekete lake n'kumuthokoza. Apo n'kuti mvula itakata, dzuwa litakwera ndithu. Pamalopo sipanagwenso munthu wina.

5. Pabenchi

Kuchipatala anapeza khonde la odwala maso litadzaza. Kamphepo anatsogolera bambo ake mpaka patebulo la namwino, nsapato zake zili mchenga wokhawokha. Namwinoyo anawalandira mwaulemu, koma anawauza kuti kulemba kunatsekedwa kale. Amene analembedwa anali okwanira tsiku lonse.

Bambo anavula helemeti n'kuikumbatira pamimba. Kamphepo anawapezera malo kumapeto kwa benchi, anagwada pambali pawo n'kupepesa.

“Usapepese,” anatero bambo. “Ukanandifikitsa kuno msanga, ine n'kumva mawa kuti khanda lija linagwa ndi amayi ake pakona paja, maso amenewo ndikanaona nawo chiyani? Zikundiwawa, inde. Koma sindikuchita nawe manyazi.”

Anamuuza kuti abwerere kunyumba mvula isanayambirenso. Kamphepo anaimirira, anatenga makiyi m'thumba, kenako anawabwezeramo. Anapitanso kwa namwino uja n'kufunsa ngati angaloledwe kungokhala pabenchipo mpaka dokotala atamaliza. Namwinoyo anati benchi saletsa munthu, koma sakulonjeza chilichonse.

Anakhala. Kwa Kamphepo imeneyi inali ntchito yovuta kuposa kukankha wilibala. Anthu ankalowa mmodzimmodzi, ena n'kutuluka atamatidwa diso, abale awo atawagwira dzanja. Benchi linkachepa anthu pang'onopang'ono. Iye sanadzuke, kupatula pamene anapita kukatungira bambo madzi akumwa.

Masana anatulukira mnyamata wa buledi uja, mkono uli m'bandeji. Anali atabwera kudzatsukitsa mabala, ndipo anazindikira jekete lachikasu ali patali. Anawapatsa buledi mmodzi wophwanyika, ati ameneyo ndi amene anapulumuka bwino pa onse. Anali wolongolola kwambiri. Anasimba nkhani ya paraundabauti kwa aliyense amene anali pakhondepo, ndipo ulendo uliwonse dizilo ankachuluka, njinga zoimitsidwa n'kumawonjezekera. Namwino ankalemba zake, koma khutu linali komweko.

Dzuwa litapendeka, wodwala womaliza anatuluka. Patapita kanthawi anatulukanso dokotala, mayi wamfupi wa imvi, akudziwongola msana. Anaona anthu awiri atatsala pabenchi ndipo anafunsa kuti akudikira chiyani. Namwino anamuyandikira n'kulankhula naye motsitsa mawu. Dokotalayo anayang'ana nsapato za Kamphepo, kenako anatulutsa katochi m'thumba.

Anaunika diso lamanja la bambo, kenako lamanzere. Anawafunsa mafunso angapo n'kuwalowetsa m'chipinda kuti awapime bwino. Atatuluka ananena kuti tsikulo nthawi yatha, koma iye anyamuka mawa masana. Diso limodzi akhoza kulichita opaleshoni m'mawa, asanapakire zipangizo. Bambo anayenera kugona m'wodi usiku umenewo.

Bambo anafunsa ngati adzathe kuonanso nkhope za anthu. Dokotala anayankha kuti zonse zikayenda bwino, adzaona. Manja a bambo anayamba kufufuza m'mbali mpaka anapeza mutu wa mwana wawo. Anausisita ngati mmene anasisitira tayala m'mawa.

Atawapezera bedi, bambo anamutuma Kamphepo kuti apite kunyumba akauze amayi ake, kudakali kowala. Anamukumbutsa kuti paraundabauti mchenga umene wapulumutsa anthu m'mawa ukhoza kumugwetsa madzulo, choncho adutsepo ngati akuyenda pa mazira.

6. Bokosi loyera

Kamphepo anatuluka mtima uli m'malo. Anapukuta mpando wa njinga ndi mkono wa jekete. Anagwada n'kudinikiza matayala onse awiri ndi chala chachikulu, kenako anafinya buleki. Aka kanali koyamba kuti ayende ulendo wautali wopanda mawu a bambo kumbuyo kwake.

Akuvala helemeti, anamva wina akuitana. Anali mkulu wa anamwino, mayi wamtali wovala zoyera, akubwera mofulumira atanyamula kabokosi koyera ka zingwe. Anafunsa ngati iye ndi mtsikana wa paraundabauti uja, ndiponso ngati ali ndi laisensi. Kamphepo anavomera zonse ziwiri.

Mayiyo anafotokoza mwachidule. Kutsidya kwa mtsinje kunali kachipatala kakang'ono, ndipo kumeneko kunali mwana wolumidwa ndi njoka. Mankhwala ake anali m'bokosimo. Ambulansi imene inayenera kuwapititsa inali itatitimira m'matope panjira, ndipo njinga ya chipatala inali kutali ndi ntchito ina.

“Sindikukukakamiza, mwanawe,” anatero. “Phula limathera pamlatho. Kuchokera pamenepo ndi dothi lofiira, ndipo kwagwa mvula yambiri kuposa kuno. Ndikufuna munthu woti akafike, osati wongothamanga.”

Kamphepo anali asanayendepo pamatope chiyambire. Zonse zimene bambo anamuphunzitsa zinali za paphula. Anayang'ana mawindo a wodi imene bambo ake anagona, kenako kumadzulo, kumene mitambo yakuda inali itayambanso kusonkhana.

Anatambasula manja n'kulandira bokosilo. Linali lozizira, ndipo linali lopepuka kuposa mmene ankaganizira. Analimangirira pampando wakumbuyo, n'kukoka chingwe chilichonse kuti aone ngati chagwira.

“Ndikawoloka mlathowo,” anafunsa, “ndikhotere mbali iti?”